Piritsi Limodzi, Katatu pa Tsiku

Lolemba, 3 Malichi

Dzanja lamanja latupanso. Malebulo 61 lero, onse olemba pamanja. Omalizirawo ngakhale ine mwini wake sindikanawawerenga. Zaka 22 ndili pa windo la famasi iyi, mawu omweomwewo: dzina la wodwala, mankhwala, mapiritsi angati, kangati pa tsiku, masiku angati.

Mnzanga wa pa kauntala, amene timamutcha Wailesi poti pakamwa pake sipatsekeka, wapeza kapulinta ka malebulo m'kabati ya kuseri, pansi pa makatoni a magolovesi. Abwana anagula kalekale, pulogalamu yake inavuta, n'kungokaponya mmenemo. Ndabwera nako kunyumba m'chikwama ngati mwana wa mphaka.

Ndaimbira Injiniya. Mwana wanga mmodzi yekhayo, ntchito yake kulemba mapulogalamu a kompyuta, kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Ndimafuna andipangire kenakake koti kapulinta kadzuke. Akuti: "Ayi amayi, mupanga nokha. Ine ndizingokuyang'anirani."

Ndaseka. Iye sanaseke.

Lachitatu, 5 Malichi

Phunziro loyamba. Nthawi yopuma masana, kuseri, foni nditaitsamiritsa ku botolo la madzi kuti tizionana. Laputopu yake yakale imene anandisiyira, yopanda batani limodzi. Chilankhulo cholembera mapulogalamu akuti ndi Python, ndiye kuti nsato.

Mzere umodzi wokha. Kudina. Kompyuta n'kuyankha pa sikirini: Moni amayi.

Ndakuwa! Wailesi wathamangira kuseri, amayesa ndadzicheka.

Madzulo ndawauza bambo ake a Injiniya. Akuti: "Ndiye kuti tiziweta nsato pa thebulo lodyera?" Atenga mbale yawo n'kusunthira kumapeto.

Loweruka, 8 Malichi

Kuchapa m'mawa. Masana onse fankishoni.

Injiniya akuti fankishoni ili ngati chidindo chokhala ndi mipata. Chidindo umachipanga kamodzi, kenako tsiku lililonse umangodzaza mipatayo. Changa chili ndi mipata isanu. Ndakopera apa kuti ndisaiwale:

def lebulo(dzina, mankhwala, mapiritsi, kangati, masiku):

Poyitana fankishoniyo umaipatsa zinthu zisanu, m'mabulaketi. Zinthuzo akuti ma agumenti. Pakati pake kachizindikiro kotchedwa koma. Koma! Ndaiwala ma koma kanayi.

lebulo("Bambo ake", "Vitamini", 2, 3, 5)

Choyamba chimalowa mpata woyamba, chachiwiri wachiwiri, choncho. Kompyuta sidziwa kuti 2 ndi mapiritsi. Imangoona kuti wafika wachitatu pamzere. Ndati ndiye ili ngati ine pa windo, woyamba kufika ndiye woyamba kuthandizidwa. Injiniya: "Eya, koma inu mumayang'ana nkhope. Iyoyo siyang'ana."

Poyeserera ndasinthanitsa ziwiri zoyamba. Sikirini yalemba bwinobwino, yopanda manyazi: Wodwala, Vitamini. Mankhwala, Bambo ake. Imwani 2, ka 3 pa tsiku.

Eni ake awerenga ali chilili kumbuyo kwanga. Akuti: "Muzindimwa ndi madzi ambiri, ndine wowawa." Injiniya anagwetsa foni ndi kuseka. Kwa kanthawi timangoona denga la chipinda chake.

Lachiwiri, 11 Malichi

KAPULINTA KADZUKA.

Masiku atatu kakungokhosomola. Lero 12:40 kalavula kalebulo koyera, malemba akuda bii, owongoka. Ndamata pa kapu yanga ya tiyi. Ina pa chitseko cha firiji ya mankhwala. Ina Wailesi wadzimata pamphumi, wagulitsa nayo mpaka abwana kumuyang'ana.

Abwana sasangalala msanga. Mayi wa zonse mwadongosolo, magalasi kunsonga kwa mphuno. Atembenuza lebulo uku ndi uku, apaka chala kuona ngati inki ikufufutika. Akuti tiyese milungu iwiri, koma lebulo iliyonse ayione kaye isanatuluke pa windo.

Pobwera ndimayenda ngati mtsikana. Ndapitirira geti lathu osadziwa.

Lachisanu, 14 Malichi

Malebulo 58. Olemba pamanja: palibe. Mphete yalowanso pa chala.

Kachitidwe kake: ndimasintha mzere uja, dzina, mankhwala, manambala atatu, kudina, lebulo. Ndayamba kuthamanga nazo. Zala zikudziwa zokha.

Mayi wina wachikulire wawerenga lebulo yekha mpaka kumapeto, osandifunsa kuti apa mwati chiyani. Zaka zonsezi funso limenelo ndimalimva kakhumi pa tsiku.

Wailesi akuuza aliyense kuti ndine pulofesa. Ndamuletsa, koma osati mwamphamvu.

Lolemba, 17 Malichi

Ndilembe, mwina mtima ukhala pansi.

Mzere wautali kuyambira m'mawa. Galimoto ya katundu inafika 10 koloko, abwana ali kuseri kulandira makatoni. Anati ndipitirize, aziona akamabwera.

Anafika aphunzitsi aja opuma pantchito, a chipewa chotuwa, amene amatengera akazi awo mankhwala mwezi uliwonse. Mankhwala oti sachita nawo masewera. Pepala la adokotala: piritsi limodzi, katatu pa tsiku. Ndinaliona bwino. Zala zinalemba 3, 1 m'malo mwa 1, 3.

Kompyuta sinadandaule. Lebulo inatuluka yokongola ngati zina zonse. Ndinamata.

Mwamwayi chizolowezi changa chakale sichinandithawe, chowerengera munthu mokweza ndisanamupatse. Ndinayamba: amwe atatu, kamodzi pa tsiku. Aphunzitsi anagwira chipewa. "Pepani mayi, kodi zasintha? Miyezi yonseyi amamwa limodzi katatu."

Atatu nthawi imodzi, mayi wofooka ngati uja.

Ndinang'amba, kulemba ina pamanja, kupepesa. Iwo anangoti zimachitika. Abwana anali ataima pakhomo ndi katoni m'manja, anamva zonse. Sanakalipe. Anthu atatha anati: "Dzanja lanu likalakwitsa, malemba amaoneka okayikitsa. Ichi chikalakwitsa, chimaoneka cholondola. Chibwezereni m'kabati."

Ndachibwezera.

Lachiwiri, 18 Malichi

Malebulo 64. Pamanja.

Lachinayi, 20 Malichi

Injiniya waimba kanayi kuyambira Lolemba. Sindinayankhe. Ndimuuza chiyani?

Loweruka lija tinaseka za Vitamini. Chinali chinthu chomwechi. Sindinachione.

Bambo ake atsegula laputopu, aisuntha pafupi ndi mbale yanga. Ndaitseka.

Loweruka, 22 Malichi

Ndikusesa pakhonde cha m'ma 3 koloko, geti kutseguka. Injiniya! Kachikwama kumsana, tsitsi lometa, wawonda pang'ono. Bambo ake anamuimbira mobisa Lachinayi. Iwo ali pakhomo kuyang'ana kumwamba ngati sakudziwa kanthu.

Ndamukumbatira ndi tsache m'manja.

Madzi okha ndiwo wamwa. "Amayi, bweretsani nsato ija."

Ndamufotokozera zonse, mpaka chipewa cha aphunzitsi. Wamvetsera osandidula. Akuti cholakwa chimenechi amachita ngakhale anthu amene alemba mapulogalamu zaka makumi awiri, ndipo anayenera kundionetsa njira inayo tsiku loyamba lomwe. Anaganiza kuti andichulutsira.

Njira inayo ndi iyi. Chinthu chilichonse umachitchula dzina la mpata wake, timizere tiwiri, kenako chinthucho:

lebulo("Amayi a aphunzitsi", mankhwala="Vitamini", mapiritsi=1, kangati=3, masiku=30)

Ndayang'ana nthawi yaitali. Si 1, 3, 30 ongoima ngati alendo pa siteshoni. Aliyense wavala baji. Mapiritsi, limodzi. Kangati, katatu. Ukuwerenga ngati chiganizo cha munthu.

Wandiuza ndizisokoneze dala. Ndayika masiku patsogolo, mapiritsi kumapeto, kangati pakati. Lebulo pa sikirini yomweyo, yolondola. Ndasokonezanso. Yomweyo! Zokhala ndi dzina sizisamala za mzere, chilichonse chimapita kwawo.

Lamulo limodzi: zopanda dzina zizikhala patsogolo, zotchula dzina pambuyo. Ukayamba kutchula, osabwereranso.

Ndafunsa funso limene limandivuta. Nanga tsiku la mzere wautali, ulesi ukandigwira, n'kubwerera ku 1, 3, 30? Wamwetulira ngati mmene ankachitira ali wamng'ono akabisa kanthu kumbuyo. Wapita ku mzere wa def uja, pambuyo pa dzina wayika kanyenyezi kamodzi.

def lebulo(dzina, *, mankhwala, mapiritsi, kangati, masiku):

Akuti chilichonse chobwera pambuyo pa kanyenyeziko sichilowa popanda kutchulidwa. Dzina la wodwala lokha ndilo latsala la pamzere, poti lili lokha, palibe choti lisinthane nacho.

Ndalemba mwachikale, manambala okhaokha. Kudina. Malemba ofiira! Yakana. Injiniya wamasulira: ndimalandira chimodzi chokha cha pamzere, inu mwandipatsa zisanu.

Sindinasangalalepo chonchi ndi kukanidwa. Ndabwereza katatu kungofuna indikanenso. Ndalemba kangat m'malo mwa kangati, yakana, akuti mpata umenewo siwudziwa. Ndasiya masiku, yakana, n'kutchulanso chimene chasowa.

Bambo ake ali kukhitchini: "Nsato yayamba kuluma eni ake, iwo n'kumaombera m'manja."

Lamlungu, 23 Malichi

M'mawa tonse awiri pa thebulo, iye atapinda miyendo pampando ngati kale.

Chatsopano: mpata ukhoza kukhala ndi chake chokhazikika, chimene chimalowa chokha ukapanda kunena kanthu. Tawonjezera chenjezo="Sungani patali ndi ana". Lizituluka palokha pa lebulo iliyonse, pokhapokha nditalisintha.

Kenako akuti tichitenso chimodzimodzi ndi kangati, tiyike 3 wokhazikika, poti mankhwala ambiri ndi katatu pa tsiku, ndizisunga nthawi. Ndakana. Ndati mu famasi mulibe zoti nthawi zambiri. Ndikaiwala kulemba, ndikufuna indikane, osati indiganizire. Watulutsa foni n'kulemba. Akuti akawauza anzake kuntchito.

Ine kuphunzitsa Injiniya!

Tikuyanika zovala masana ndinalankhula zimene zakhala pakhosi zaka zisanu ndi chimodzi. Atasiya sukulu ya unamwino n'kupita ku za makompyuta, ndinakhala miyezi inayi osamulankhula. Ndinkati wataya ntchito yothandiza anthu n'kusankha zoseweretsa. Lero ndati ndinalakwa, mwana wanga, sindinkadziwa chimene umachita. Iye anali ndi zopanira zovala ziwiri pakamwa. Wazilavula. "Amayi, mukundiliza ndi shiti yonyowa m'manja."

Talira pang'ono, taseka kwambiri. Shiti inagwa pansi, yochapanso.

Wakwera basi ya 2 koloko.

Lolemba, 24 Malichi

Ndafika 7 koloko, tisanatsegule. Laputopu pa kauntala. Ndapempha abwana mphindi khumi zokha, ndati ayese kuiswa.

Akhala pansi, magalasi kunsonga. Kulemba kwawo kwa chala chimodzi. Manambala okha: yakana. Kusiya kangati: yakana. Kusokoneza mzere ndi mayina: yolondola. Wailesi ali kumbuyo kuwerengera zigoli ngati mpira.

Kenako alemba mapiritsi=3, kangati=1. Yavomera. Andiyang'ana. "Nanga apa?"

Yankho ndinali nalo. Ndati zoona abwana, imeneyo singaidziwe, pepala la adokotala siliona. Munthu akalemba bodza ndi dzina lomwe, ilandira. Chimene chasintha n'choti tsopano diso langa likuwerenga mawu akuti mapiritsi pafupi ndi 3, osati manambala atatu ofanana nkhope. Ndipo kuwerengera wodwala mokweza sindidzasiya, kaya kubwere makina otani.

Avula magalasi. "Mukanati singalakwitsenso, ndikanakana. Katengeni."

Wailesi anali atakatulutsa kale kapulintako m'kabati. Anakabisa pansi pa kauntala kuyambira Lachisanu.

Lachinayi, 27 Malichi

Masiku anayi, malebulo 230 ndi kanthu, onse abwana awaona. Palibe cholakwika. Kulemba mayina kumachedwetsa pang'ono, mwina masekondi asanu. Asanuwo ndi anga, ndawakonda.

Ndachita kanthu ndekha, osafunsa Injiniya. "Ka 3 pa tsiku" sizimandisangalatsa. Tsopano imalemba kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, m'mawu. Zanditengera nthawi yopuma ya masiku awiri ndi malemba ofiira osawerengeka.

Aphunzitsi adutsa, kudzagula mankhwala opaka bondo. Ndinafuna kubisala kuseri kwa shelefu. Akuti mayi ali bwino, ayamba kutuluka kukaona maluwa awo. Ndawaonetsa sikirini, kuwafotokozera za mayina ndi kanyenyezi. Amvetsa msanga kuposa ine. Akuti ana a sukulu akalemba yankho la masamu lopanda kunena kuti ndi mamita kapena malita, iwo ankadula malikisi. Atulutsa cholembera chofiira m'thumba la jekete, akuyendabe nacho mpaka pano, n'kuchonga pa lebulo ya bondo lawo.

Ndachita manyazi ngati mwana wa sukulu. Okoma.

Lachitatu, 2 Epulo

Mphatso yochokera kwa Injiniya: fomu. Sindizisinthanso mzere wa pulogalamu pa windo. Timabokosi pa sikirini, kalikonse ndi dzina lake pambali, batani lobiriwira pansi. Kuseri kwake ikuyitana fankishoni yanga yomwe ija, kanyenyezi kali pomwepo, ndayang'ana. Wawonjezeranso timabokosi tiwiri ta tsiku loti wodwala adzabwerenso, tsiku ndi mwezi. Akuti wayesa, zonse zili bwino.

Wailesi akufuna aphunzire. Ndamuuza ayambe waphunzira kukhala chete mphindi zisanu.

Lachinayi, 3 Epulo

Tisanatsegule ndinati ndiyese fomu ndi wodwala wongopeka. Abwerenso pa 9 Epulo. Lebulo: Mubwerenso pa 4 Seputembala.

Ndinayesa ndine ndalakwitsa. Kubwereza mosamala, tsiku 9, mwezi 4. Seputembala yemweyo. Kuyesa 20 Epulo: malemba ofiira, akuti kulibe mwezi wotero.

Kulibe mwezi wa 20. Apo m'mutu munayaka getsi.

Ndasiya timabokosi tiwirito, lero tsiku lobwerera ndalemba pamanja. Masana ndatsegula pulogalamu yake. Mizere yambiri, yambiri sindikuimva. Ndatsata ndi chala ngati ndikufufuza dzina pa mndandanda. Pamwamba: def deti(mwezi, tsiku). Pansi penipeni, poyitana: deti(tsiku, mwezi).

Mwana wanga. Injiniya wathunthu. Pamzere, popanda mayina!

Ndinatenga foni kuti ndimuimbire, n'kuyibwezanso. Ndayika kanyenyezi pamwamba paja. Pansi ndalemba deti(tsiku=tsiku, mwezi=mwezi). Zimaoneka ngati chibwibwi, ndinkakayika. Kudina. 9 Epulo. Kuyesa 20 Epulo, 1 Disembala, 12 Januwale. Zonse bwino.

Ndazungulira kachipinda ka kuseri kawiri, manja m'mwamba. Abwana analowa kudzatenga makiyi, anandipeza choncho. Anatenga makiyi n'kutuluka osafunsa.

Ndajambula sikirini, zakale ndi zatsopano, kumutumizira. Pansi ndalemba mawu awiri okha: tchula dzina.

Loweruka, 5 Epulo

Dzulo lonse zii. Ndinayamba kuda nkhawa kuti mwina ndamuchititsa manyazi.

Lero m'mawa Injiniya watumiza voisi ya mphindi zitatu, theka lake kuseka. Akuti poyesa anagwiritsa ntchito 4 Epulo. Tsiku 4, mwezi 4! Usinthe usasinthe, chimodzimodzi. Dzulo anaonetsa chithunzi changa pa msonkhano wa kuntchito kwawo, pa sikirini yaikulu. Mkulu wawo anafunsa kuti wagwira cholakwikachi ndani. "Ndinati amayi anga, a ku famasi. Anawombera m'manja, amayi, anthu khumi ndi awiri."

Ndamvetsera kanayi. Bambo ake kawiri, kachitatu akuti ndiwatumizire ku foni yawo, akufuna akamvetse anzawo.

Kumapeto kwa voisi mawu ake anasintha, anakhala aulemu ngati akupempha kwa munthu wa ku ofesi. Pali kapulogalamu kena kamene akupanga ndi mnzake masiku opuma. Akuti ngati ndili ndi mpata, ndingakawerengeko? Osati kuti ndiphunzire. Kuti ndione ngati muli zolakwika.

Kapulogalamuko kafika 11 koloko. Mizere 412. Zovala zili m'beseni, sindinazikhudze. Ndangosuzumira pamwamba pokha, ndipo pa mzere wa 16 pali kale fankishoni yopatsidwa manambala asanu ndi awiri, onse opanda dzina, awiri mwa iwo ndi 0.

Bambo ake akuti achapa okha. Magalasi anga ndawasiya pati?